Akulu anga maso achita chikasu, kumudzi akuti ndi ndulu ya ng'ona

Lachiwiri usiku

Naphiri: Odi pagulu pano. Pepani ndalowa usiku chonchi, mutu wanga waima. Akulu anga ku Chamama sakupeza bwino. Loweruka tinali ku ukwati, anadya bwinobwino, nkhumba yootcha ndi mpunga wa mafuta uja. Pofika cha m'ma 11 usiku anayamba kubuula, akuti chinthu chikuwafinya pansi pa nthiti kumanja, ululu ukukwera mpaka kuphewa ndi kumsana. Anasanza zachikasu zowawa kwambiri. Kutacha zinachita ngati zaleka. Dzulo ndi pamene taona kuti maso achita chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Azakhali akuti wina anawathirira ndulu ya ng'ona ku ukwati kuja, alamu anga nawo akuti mawa alawirira nawo kwa asing'anga. Ndithandizeni nzeru abale.

Wakabaza: Eee pepani asisi. Ndulu ya ng'ona simagonetsa munthu masiku atatu, amati ukangolawa basi wapita. Ndiye mwina si imeneyo

Gogo Chisale: Mwana wanga pepa. Ku ukwati kumabwera anthu a mitima yosiyana. Musachedwe nazo.

A Mwale (achipatala): Achemwali, ndili pa ntchito ya usiku ndiye ndiyankha mwachidule kaye. Ndiuzeni zinthu zinayi. Thupi likutentha kapena akunjenjemera? Chimbudzi chawo chikuoneka bwanji, ndi cha mtundu wa masiku onse kapena chayererako? Thupi likuyabwa? Ndipo ululu woterewu ndi koyamba?

Naphiri: Dikirani ndiwaimbire alamu.

Naphiri: Akuti madzulo ano anayamba kunjenjemera, afunda mabulangete awiri. Chimbudzi akuti ndi chotuwa ngati dongo. Kuyabwa ndiye akudzikanda mpaka m'mapazi. Ululuwo si woyamba, wakhala ukubwera kuyambira chaka chatha akadya zamafuta, iwo amati ndi maalusa, amangomwa mankhwala a m'golosale kukaleka.

A Mwale (achipatala): Ndiye musadikire kuti kuche. Ululu pansi pa nthiti kumanja, chikasu, kuphatikiza kutentha thupi ndi kunjenjemera, zitatu zimenezi zikakumana ife timaopa kuti njira ya ndulu yatsekeka ndipo mwalowa tizilombo. Zimenezi zimalowa m'magazi msanga. Pa foni sindingapime munthu, koma ndikanakhala ine ndikanapeza galimoto pompano kupita ku chipatala cha boma ku Kasungu. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akhala akumwa. Asamwenso china chilichonse, ngakhale Panado, mpaka awaone.

Naphiri: Alamu akukanika, akuti chipatala sichiona za anthu.

A Mwale (achipatala): Apatseni nambala yanga mumseri, ndilankhula nawo ndekha.

Wakabaza: Pa njinga yamoto musawakweze asisi, msewu umenewo ndi ululu wotero afika atatheratu. Pa Mtunthama pali mnzanga ali ndi kagalimoto, ndakutumizirani nambala ku inibokosi

Lachitatu m'mawa

Naphiri: Tafika cha m'ma 2 usiku. Awagoneka, awaika dilipi ndi jekeseni. Atenga magazi. Malungo akuti alibe. Akuti asadye chilichonse mpaka apange sikani. Zikomo a Mwale, alamu anamva mutawalankhula.

Gogo Chisale: Mwachita bwino kupita. Koma ine za ng'onazo musazitaye kutali. Ife tikukula, mlenje akapha ng'ona ku Bua, ndulu yake ankaichotsa pamaso pa amfumu ndi kukaitaya pamadzi akuya anthu akuona. Makolo aja sanali opusa.

Aphunzitsi Banda: Agogo, kuti anthu amaiopa ndi zoona, ndipo si kuno kokha. Koma ndikukumbutseni nkhani imene tonse tinaimva pa wailesi. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anamwa mowa wamasese pochokera ku maliro. Anafa anthu 75, mayi amene anafulula mowawo nayenso anafa. Posakhalitsa mbiri inali ponseponse kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Atatumiza mowawo kukaupima kunja, mpaka ku America, anapeza kuti munalibe ndulu iliyonse. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuola, ndiye munamera tizilombo totulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Koma chifukwa zotsatirazo zinatuluka patatha miyezi yambiri, anthu ambiri mpaka lero amangokumbukira ng'onayo.

Gogo Chisale: Zimenezo zinali za ku Tete aphunzitsi.

Aphunzitsi Banda: Kkkk ng'ona ya ku Zambezi ndi ya ku Bua ndi pachibale agogo.

Bambo a Mada (bucha): Ine sukulu ndinalekera panjira koma ndulu ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndiye ndiloleni. Pa Chinkhoma nyengo ya fodya ndimapha mbuzi ngakhale zinayi pa tsiku. Ukatsegula mimba, ukatulutsa chiwindi, kumunsi kwake kwamatirira kathumba kobiriwira, kotalika ngati chala. Ndi kameneko. Umagwira pakhosi pake ndi zala ziwiri, n'kumasenga pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni. Ukaphonya n'kukaboola, madzi aja akakhudza nyama, ngakhale utsuke bwanji kasitomala abwera kudzakutukwana. Koma ndinene pano, m'zaka zonsezi ndulu yandigwerapo m'kamwa, m'maso, pabala, sindinafe. Imangowawa basi. Ndipo mbuzi imene yagona ndi njala ndulu yake imakhala yodzadza thoo, imene yaphedwa itangodya imakhala yophwa. Chimenechi chimandidabwitsa mpaka lero.

Aphunzitsi Banda: Bambo a Mada, mwaphunzitsa kale phunziro limene ine ndimavutika nalo ndi ana a Fomu 3. Madzi a ndulu sapangidwa m'kathumbako. Amapangidwa ndi chiwindi, usana ndi usiku osapuma, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku mwa munthu wamkulu. Kathumba kaja ndi nkhokwe chabe. Kamasunga madziwo n'kumawamwera kuti akhale okhathamira, chifukwa kokha kamalowa pang'ono, ngati mamililita 50. Munthu akadya, makamaka zamafuta, matumbo amatumiza uthenga m'magazi, kathumba kaja n'kudzifinya, madzi aja n'kutsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kopyapyala. Ndiye mbuzi ya njala nkhokwe imakhala yodzadza, yokhuta yatsanula kale.

Bambo a Mada (bucha): Ohoo! Ndiye chifukwa chake awauza akulu a Naphiri kuti asadye?

A Mwale (achipatala): Mwaigwira. Kathumba kakadzadza kamaoneka bwino pa sikani, miyala nayo imaonekera. Munthu akadya kamaphwa. Komanso ngati pangafunike opaleshoni, m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu.

Wakabaza: Nanga ntchito yake ndi chiyani, poti n'chinthu chowawa chonchija? Mulungu anachiikiranji

Aphunzitsi Banda: Tenga mbale imene wadyera nkhumba, uitsuke ndi madzi okha. Mafuta amangoterereka, sachoka. Thira sopo, mafuta aja amaswekasweka n'kusakanikirana ndi madzi. Ndulu ndi sopo wa m'mimba. Imaphwanya mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti thupi lithe kuwagaya ndi kuwayamwa, pamodzi ndi mavitamini A, D, E ndi K amene amayenda ndi mafuta. Ndipo thupi silitaya sopo ameneyu mwachisawawa. Akagwira ntchito, kumapeto kwa matumbo aang'ono pafupifupi 95 pa 100 aliyense amayamwidwanso kubwerera ku chiwindi, n'kudzagwiranso ntchito kangapo pa tsiku lomwelo.

Wakabaza: Ndiye thupi ndi losamala zinthu ngati mayi anga, sopo wotsala amamumata pa watsopano kkkk

Naphiri: Kkkk mwandiseketsa ndili pa benchi ya chipatala. Koma nanga chikasu cha m'masochi chikuchokera kuti?

A Mwale (achipatala): Ntchito yachiwiri ya ndulu ndi kutaya zinyalala. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, akakalamba amaphwanyidwa. Pophwanyikapo pamatsala utoto wachikasu, ife timati bilirubin. Chiwindi chimautola m'magazi n'kuuthira mu ndulu, ndulu n'kuutengera m'matumbo. Utoto umenewu ndi umene umapatsa chimbudzi mtundu wake uja. Tsono njira ikatsekeka zimakhala ngati ngalande yatsekeka ndi zinyalala nthawi ya dzinja, madzi amabwerera m'nyumba. Utoto uja umabwerera m'magazi, maso ndi khungu zimachita chikasu, impso zimayesetsa kuutaya ndiye mkodzo umada, pomwe chimbudzi chimatuwa chifukwa utoto sukufikako. Kuyabwako nakonso n'kwa ndulu imene yabwerera m'thupi. Ndi chifukwa chake ndinakufunsani za chimbudzi, ngakhale ndikudziwa kuti si funso lofunsa alamu.

Naphiri: Anayankha movutikira zedi kkkk

Nankhoma (ku Joni): Moni nonse, ndangodzuka kumene ndikupeza mauthenga 40. Naphiri mwana wa amayi, limba mtima, ine ndinadutsamo. Zaka ziwiri ndinkamwa mankhwala a maalusa. Kachipatala kena kolipira ndinapitako kasanu, ulendo uliwonse amangondigwira pamimba n'kundipatsa botolo la mankhwala oyera aja. Ndinasiya tsabola, ndinasiya malalanje, ndinasiya tiyi, osasintha. Koma ndikadya tchipisi cha pachiwaya kapena mandasi atatu, usiku umenewo ndinkagona chogwada, chipumi pa matilesi, thukuta kamukamu. Ululu wake sufanana ndi wa maalusa, sutentha, umafinya, ndipo ukagwira umatha ola limodzi kapena maola anayi osasiya. Ine ndabereka ana atatu koma ndinganene kuti unkafika pamenepo. Nditabwera kuno ku Johannesburg ndi pamene anandipanga sikani, mphindi khumi zokha, dokotala n'kunditembenuzira kompyuta kuti taonani miyala iyi. Anandichotsa kathumba konse. Anaboola timabowo tinayi pamimba, tsiku lotsatira ndinatuluka.

Gogo Chisale: Anachotsa ndulu yonse? Ndiye ukukhala bwanji mwana iwe?

Nankhoma (ku Joni): Ndili gwa agogo, chaka chachinayi tsopano. Miyezi yoyamba ndikadya zamafuta ndinkathamangira kuchimbudzi, pano zinakhazikika. Nkhumba ndimadya koma ya ulemu.

A Mwale (achipatala): Agogo, chimene amachotsa ndi nkhokwe, fakitale imatsala. Chiwindi chimapitiriza kupanga ndulu, kungoti m'malo mosungidwa imangodontha pang'onopang'ono kulowa m'matumbo. Ndipo sachotsa miyala yokha n'kusiya kathumba, chifukwa kathumba kamene kapanga miyala kamodzi kamadzapanganso.

Bambo a Mada (bucha): Agogo inu mumaweta nkhunda, munaonapo ndulu m'nkhunda?

Gogo Chisale: Iii. Nkhuku ili nayo, timachotsa. Nkhunda ndiye ayi, sindinaionepo.

Aphunzitsi Banda: Ilibe kathumbako. Khoswe alibe, hatchi ilibe, njovu nayo ilibe. Njovu 263 zija anazibweretsa ku Kasungu National Park kuchokera ku Liwonde mu 2022 palibe ndi imodzi yomwe ili ndi kathumba ka ndulu, koma taonani mmene zikugayira chimanga cha anthu a m'malire.

Wakabaza: Aphunzitsi musatikumbutse za njovu, anthu a kwa Chulu alowa pano ndi mkwiyo

Yohane: Abale musalole kuti mayiyo amung'ambe. Miyala ya mu ndulu imatuluka yokha. Kapu imodzi ya mafuta a olivi, kusakaniza ndi madzi a mandimu, kumwa pogona. M'mawa mupeza timiyala tobiriwira m'chimbudzi. Ine ndili ndi botolo lokonzakonza, ndi mizu yotsuka chiwindi. Amene akufuna andipeze ku inibokosi.

Nankhoma (ku Joni): Achimwene Yohane, ndinamwa zimenezo ine. Usiku umenewo ndi umene ndinatsala pang'ono kufa ndi ululu.

A Mwale (achipatala): Achimwene, ndikuyankhani mwaulemu koma mosabisa. Timibulu tobiriwira timene anthu amationa m'mawa si miyala ya mu ndulu, ndi mafuta omwewo amene amwa, aundana ndi madzi a m'mimba. Mukatiika padzuwa timasungunuka. Mwala weniweni susungunuka padzuwa. Ndipo taganizani, kathumba kamadzifinya kakamva mafuta. Munthu ali ndi miyala, inu mukumumwetsa kapu yathunthu ya mafuta, mukukankhira mwala ku khomo lopanikiza. Kanjira ka ndulu kamakumana ndi kanjira ka pancreas, chiwalo china chothandiza kugaya chakudya, pamalo amodzi polowa m'matumbo. Mwala ukakakamira pamenepo, pancreas imatupa, ndipo matenda amenewo amapha. Za mizu ndiye chiwindi chimene chikuvutika kale sitichisenzetsa katundu wina amene sitikudziwa mlingo wake.

Yohane: Inu achipatala chilichonse cha makolo mumachinyoza.

Bambo a Mada (bucha): Mafuta a olivi ndi a makolo a kuti achimwene? Agogo anu ankalima olivi ku Santhe?

Adimini: Malonda pagulu pano ndi Lachisanu lokha, ndipo a mankhwala tinakana kalekale. Tipitirize nkhani ya odwala.

Naphiri: Sikani yatheka. Akuti m'kathumba muli miyala yambiri ing'onoing'ono, kathumbako katupa, ndipo njira yaikulu ya ndulu yafufuma kusonyeza kuti kumunsi kwatsekeka. Kutentha thupi kwatsikako. Akuti mawa atitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma miyala imalowa bwanji m'mimba mwa munthu? Azakhali ayamba kale kuti ndi yotumizidwa. Ena akuti ndi mchenga wa mu mpunga wosapeta bwino.

A Mwale (achipatala): Siilowa, imamera momwemo. Mu ndulu muli mafuta ena otchedwa kolesitolo. Akachuluka kuposa mmene madziwo angasungunulire, kapena kathumba kakamachedwa kutsanula, amayamba kuundana ngati shuga wotsalira pansi pa kapu. Timibulu timakula pang'onopang'ono kwa zaka. Ina imakhala ngati mchenga, ina ngati nzama, ina mpaka ngati dzira la nkhuku. Ing'onoing'onoyo ndiye yovuta chifukwa ndi imene imatha kutuluka n'kukatsekereza njira. Akulu anu ali ndi zaka zingati?

Naphiri: 46. Ana asanu. Thupi ali nalo ndithu.

A Mwale (achipatala): Ndi anthu amene timawaona kawirikawiri. Amayi amaipeza kuposa abambo, makamaka amene abereka kangapo, a zaka zopitirira 40, onenepa, a matenda a shuga, komanso ngati kumtundu kuli wina anadwalapo. Chodabwitsa n'chakuti kuonda mofulumira kwambiri nakonso kumayambitsa miyala, ndiye amene mumadzimana chakudya masiku ambiri kuti muchepetse thupi muzichita pang'onopang'ono. Palinso mtundu wina wa miyala, yakuda, yochokera ku utoto uja. Imeneyi timaipeza ngakhale mwa ana ndi achinyamata a sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, chifukwa magazi awo amaphwanyika msanga. Ndipo anthu ambiri ali nayo miyala koma sadziwa, siwavutitsa moyo wawo wonse. Imeneyo sitiigwira. Timachita opaleshoni ikayamba kuvuta.

Bambo a Mada (bucha): Mu ng'ombe mwala ndinaupezapo kamodzi, wofiirira, wopepuka ngati khala. Koma chimene ndimapeza kawirikawiri m'chiwindi cha ng'ombe zodya kudambo ndi tinyongolotsi taphwatalala ngati tsamba, tili m'timitsempha toyera tolimba. Oyeza nyama akaona chotero amati chiwindi chonse chitayidwe, ine mtima kuwawa.

Aphunzitsi Banda: Timitsempha toyerato ndi njira za ndulu zimene, tinyongolotsito timakhala mmenemo. Oyeza nyamawo akukuthandizani.

A Mwale (achipatala): Ngakhale mwa munthu, njoka za m'mimba zija zazitali zimatha kukwera n'kulowa m'njira ya ndulu. Si kawirikawiri koma zimachitika, makamaka kwa ana. Mankhwala a njoka amene amapereka m'masukulu musamawaletse ana.

Mayi a Tadala: Ndakhala ndikungowerenga. A Mwale ndifunse zanga. Mwana wanga wachiwiri anachita chikasu ali ndi masiku atatu, anamugoneka pansi pa magetsi a buluu atamuphimba m'maso, masiku awiri chinatha. Tsopano mng'ono wanga ku Nkhamenya ali ndi khanda la milungu inayi, maso akadali achikasu. Apongozi ake akuti azingomuotcha dzuwa la m'mawa, ati n'zimene zinachitika ndi wanga. Ndi zofanana?

A Mwale (achipatala): Mayi, funso ili ndi lalikulu kuposa mmene mukuganizira. Chikasu cha masiku oyamba chimagwira makanda ambiri, oposa theka, chifukwa chiwindi chawo sichinazolowere ntchito. Chimayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pofika milungu iwiri chimakhala chatha. Chikakwera kwambiri ndi pamene timawaika pa magetsi aja, chifukwa utoto ukachulukitsa umawononga ubongo. Koma chikayamba tsiku lomwe wabadwa, kapena mwana akufooka osayamwa, kapena chapitirira milungu iwiri, ameneyo aonedwe kuchipatala. Wa milungu inayi, funsani mayi ake thewera. Chimbudzi cha khanda loyamwa chimakhala chachikasu ngati dzungu kapena chobiriwirako. Chikakhala chotuwa ngati phala la ufa woyera, mkodzo n'kumadetsa thewera, tikuopa kuti mwanayo njira zake za ndulu ndi zotsekeka chibadwire. Pali opaleshoni yake, anaiyambitsa dokotala wa ku Japan dzina lake Morio Kasai m'zaka za m'ma 1950, koma imathandiza bwino mwana akaichita asanakwane miyezi iwiri. Mukachedwa chiwindi chimauma. Dzuwa silitsegula njira yotsekeka.

Mayi a Tadala: Mayo ine. Ndimuimbira pompano anditumizire chithunzi cha thewera.

A Mwale (achipatala): Ngakhale thewera likhale labwino, milungu inayi apite naye basi. Nthawi zambiri chimakhala chikasu chosaopsa cha ana oyamwa, koma amene anganene zimenezo ndi amene wamuyeza.

Gogo Chisale: Kale chikasu tinkachiza ndi nzimbe. Munthu ankatafuna nzimbe mlungu wathunthu, maso n'kuyera.

A Mwale (achipatala): Ena ankachiradi agogo, koma osati chifukwa cha nzimbe. Chikasu si nthenda imodzi, ndi chizindikiro, ngati utsi. Pena moto uli m'magazi, monga malungo aakulu amene amaphwanya maselo ofiira ambiri nthawi imodzi. Pena uli m'chiwindi chenichenicho. Pena ndi njira yatsekeka ngati akulu a Naphiri. Pali kachilombo ka hepatitis A kobwera ndi madzi kapena chakudya chauve, kameneko thupi limathana nako lokha pa milungu ingapo, utafune nzimbe usatafune. Amene munkawaona akuchira ambiri anali amenewo. Koma hepatitis B ndi ina, imatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete n'kudzaumitsa chiwindi kapena kuyambitsa khansa. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2002, ndiye ife tinabadwa kale chisanafike chaka chimenecho ambiri sitinabayidwe. Kukayezetsa n'kwabwino.

Wakabaza: Nanga ife tikamwa kwambiri m'mawa n'kumasanza ndulu, ndiye kuti yaphulika?

A Mwale (achipatala): Siinaphulike. M'mimba mwatha zonse, ndiye posanza mukukoka ndulu imene inali kale m'matumbo. Ikanaphulika simukanakwera njinga m'mawa mwake. Koma kachasu ndi timabotolo tija zikudya chiwindi chanu mwakachetechete achimwene, ndipo chiwindi sichilira msanga. Chikamadzaonetsa chikasu ndi mimba yotupa chimakhala chapita patali.

Wakabaza: Ndafunsira mnzanga

Nankhoma (ku Joni): Kkkkk mnzako wa dzina lako lomwe

Aphunzitsi Banda: Poti tafika pa chiwindi, ife a Kasungu ndi anzathu a ku Mchinji tisaiwale mtedza. Chizolowezi chathu n'choti wabwino timagulitsa kwa mavenda, wonyala ndi wachuku uja timasinja nsinjiro za pakhomo. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, akakumana ndi hepatitis B ndiye chiopsezo cha khansa chimakwera kwambiri. Kuwaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kuika chimanga m'thumba chisanaumitsitse, zonsezo n'kuitana chuku. Poizoni amene ine ndimamuopa ali m'nkhokwe mwathu momwemu, osati ku Bua.

Gogo Chisale: Apo pokha aphunzitsi mwanena zoona. Mtedza wowawa uja ife tinkalavula.

A Mwale (achipatala): Ndionjezere kamodzi ndikagone. Amene muli pa mankhwala a TB kapena ma ARV mukaona maso achita chikasu, pitani msanga kumene mumalandirira mankhwala, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Ena mwa mankhwala a TB amatha kupweteka chiwindi. Pomwe pali ARV wina, atazanavir, amene amachititsa maso chikasu koma chiwindi chili bwinobwino. Inu panokha simungasiyanitse, ndiye musadzigamulire nokha kunyumba.

Lachisanu

Mayi a Tadala: Mng'ono wanga anapita naye mwana. Thewera ndi lachikasu bwinobwino, amuyeza magazi akuti si zotsekeka, apitirize kuyamwitsa abwerenso mlungu wamawa. Ndagona tulo lero.

A Mwale (achipatala): Nkhani yabwino. Tsiku lobwereralo asalidumphe.

Naphiri: Ife tili ku Central. Akuwapatsabe mankhwala a m'dilipi, awabayanso vitamini K akuti magazi asadzavute kuundana pa opaleshoni. Aphunzitsi, ndinakumbukira mavitamini anu aja, namwino anadabwa nditamufunsa ngati n'chifukwa choti ndulu sikufika m'matumbo kkk

Aphunzitsi Banda: Mwakhoza mayeso, bwerani mudzalembe MSCE.

Lachinayi, mlungu wotsatira

Naphiri: Abale, opaleshoni inatheka Lolemba. Achotsa kathumba konse ndi kamwala kamene kanatsekereza njira. Iwo anawang'amba pansi pa nthiti, si timabowo ngati a Nankhoma, ndipo ali ndi kapaipi pambali kotulutsa madzi obiriwira m'kathumba ka pulasitiki, akuti kakhala masiku angapo. Maso ayamba kuyera, kuyabwa kwaleka, dzulo amwa phala. Miyala atipatsa m'kabotolo. Ndawerenga ndapeza 23, yachikasu, ya makonamakona ngati chimanga cha mbewu. Kamene kanavutitsa konseko n'kochepa kuposa njere ya nandolo.

Nankhoma (ku Joni): Ambuye alemekezeke! Auzeni asanyamule ndowa kapena kugwira khasu mpaka achipatala atawalola, bala la mtundu umenewo silifuna phuma.

Bambo a Mada (bucha): Tumizani chithunzi cha kabotoloko asisi, ndikufuna ndifananize ndi wa ng'ombe uja.

Gogo Chisale: Tathokoza. Nanga azakhali ako akuti chiyani tsopano?

Naphiri: Awona kabotolo, agwedeza mutu, akuti mwaona, si ndinanena kuti ndi yotumizidwa, munthu angameze miyala 23 osadziwa? Ndangowasiya. Alamu ndiye asanduka mlaliki, aliyense wobwera kudzazonda akumufotokozera za sopo wa m'mimba.

Wakabaza: Kkkkk alamu alandire satifiketi

Naphiri: A Mwale, funso lomaliza. Akatuluka tiziwaphikira chiyani? Iwo ayamba kale kufunsa za nkhwani wotendera.

A Mwale (achipatala): Milungu yoyamba chepetsani mafuta, azidya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Phala, nsima, nyemba, masamba, nsomba kapena nkhuku yowiritsa yochotsa khungu. Nsinjiro muyambe ndi kasupuni kamodzi muone mmene m'mimba mukuchitira, zikayenda bwino muzionjezera. Mtedza wake musankhe ndi manja. Mukaona kutentha thupi, bala likutuluka mafinya, kapena chikasu chikubwerera, musadikire tsiku lawo lobwerera kuchipatala.

Naphiri: Chabwino. Nkhumba ndiye ndiwauza kuti mwaletsa mpaka Khirisimasi.

A Mwale (achipatala): Ine sindinanene zimenezo, koma musawauze kuti sindinanene.

Wakabaza: Tsiku lotuluka mundiuze asisi, mnzanga wa galimoto uja adzakudikirani pa depoti ku Kasungu. Akuti mafuta okha